Mjigo kapena Starlink? Tigwirizane msonkhano wa Loweruka usanafike

Wapampando: Abale ndi alongo, moni nonse. Ndalama zomwe tasonkha chaka chino zingakwanire ntchito imodzi yokha. Ena akuti tikonze mjigo wa kuchipatala, ena akuti tigulire sekondale yathu Starlink, intaneti yodzera pa masetilaiti, pamodzi ndi sola yake. Tiyeni timve maganizo anu.

Azakhali a ku Lilongwe: Zikomo a Wapampando. Ine ndili kumbali ya mjigo. Amayi oyembekezera akukatungabe madzi kudambo. Komanso kampani ya Starlink-yo akuidziwa ndani? Tinaonapo anthu akubweretsa makompyuta kusukulu kuja, chaka chisanathe onse anali atadzadza fumbi.

Mphunzitsi wa sayansi: Azakhali, funso lanu ndi lomveka, ndiloleni ndiyankhe. Mwini wa Starlink ndi SpaceX, kampani ya ku America yomwe Elon Musk anayambitsa mu 2002. Chiyambi chake chinali chowawa. Roketi yawo yoyamba, Falcon 1, inalephera katatu konse: mu 2006, mu 2007, ndiponso mu Ogasiti 2008. Ndalama zinali pafupi kutha. Ulendo wachinayi, pa 28 Seputembala 2008, ndi pomwe inakafika mumlengalenga kuchokera pa kachilumba ka Omelek m'nyanja ya Pacific. Disembala chaka chomwecho, NASA, bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, inawapatsa ntchito ya madola 1.6 biliyoni yonyamula katundu kupita ku siteshoni ya mumlengalenga, ndipo chombo chawo cha Dragon chinakafikako mu Meyi 2012.

Koma chomwe chikutikhudza ife chinachitika mu Disembala 2015. Kale roketi ikauluka kamodzi basi, chimthunthu chake chimagwera m'nyanja, ndalama zonse zapita. Iwo anakwanitsa kubweza chimthunthu cha roketi yawo ina, Falcon 9, n'kutera chili chiimire ku Cape Canaveral ku America, ndipo mu 2017 anaulutsanso chomwe chinagwirapo kale ntchito. Mtengo wotumizira zinthu kumwamba utatsika, anayamba kuponya masetilaiti awoawo a Starlink, omwe amapanga ku Redmond ku America konko; oyamba 60 anapita limodzi mu Meyi 2019. Amenewa amazungulira pafupi, makilomita ngati 550, pomwe a wailesi yakanema ali kutali makilomita pafupifupi 36,000. N'chifukwa chake intaneti yake siichedwa, ndipo siidalira nsanja ya foni yomwe kwathu kulibe. Kuno ku Malawi inayamba mu Julayi 2023, MACRA itapereka chiphaso.

Ana athu a Fomu 4 amalemba mayeso a MSCE ofanana ndi a ku Blantyre, chonsecho buku la Physics ndi limodzi pa ana ambirimbiri. Zimandipweteka mtima.

Malume a ku Joni: Aphunzitsi, mbiriyo mwaifotokoza bwino, koma ikusonyezanso kuti roketi, masetilaiti ndi dishi, zonse zili m'manja mwa kampani imodzi. Akakweza mtengo mawa tikadandaula kwa yani? Kuno ku South Africa, komwe Elon Musk-yo anabadwira, sanaipatsebe chiphaso.

Msungichuma: Nkhawa yanga ndi yomweyo. Dishi timagula kamodzi, koma bilu imabwera mwezi ndi mwezi. M'gulu muno ena sanaperekebe chopereka cha miyezi itatu. Mjigo tikakonza, komiti ya m'mudzi imatolera yokha tindalama togulira zipangizo.

Mphunzitsi wa sayansi: Achimwene, chipatala ndi sukulu zayandikana. Anamwino nawonso amakwera pachulu kuti atumize lipoti kuboma. Dishi imodzi ingathandize onse, ndipo aphunzitsi avomera kuthira kangachepe mwezi uliwonse.

Azakhali a ku Lilongwe: Mwana wanga, sindikukana za ana. Koma mzamba sangasambe m'manja ndi intaneti. Tiyambe madzi, dishi ibwere chaka chamawa, ine ndidzakhala woyamba kusonkha.

Wapampando: Ndamva. A Msungichuma, tipezereni mtengo wa mjigo kuchokera kwa amisiri awiri. Aphunzitsi, bweretsani mtengo wa dishi, sola, batire ndi bilu ya miyezi 12, komanso kalata ya a hedi yonena amene adzasunge zipangizozo. Loweruka 7 koloko madzulo tiponya voti, ndipo a Gulupu tiwaimbira kuti amve nawo.