Kodi njoka iyi ndi mtundu wanji?

Abale, ndithandizeni kuizindikira njoka yomwe tayipeza pabwalo, kuseri kwa khola la nkhuku. Ndi yoonda, kutalika ngati mkono, yotuwa, ili ndi mawanga akuda mumsana monse. Mutu ndi waung'ono, sukusiyana kwenikweni ndi khosi. Tikaiyandikira ikudzipinda n'kumakhukhuza mamba ake okhaokha, kumveka kuti fwaaa, kenako kugalukira kukamwa kuli yasa.

Anzathu oyandikana nawo akuti ndi kamwana ka mphiri, tiiphe basi. Ine ndikukaikira, chifukwa mphiri imakhala yojintcha, mutu wake waukulu wa makona atatu. Kapena ndi ija yomeza mazira, yopanda ululu? Nanga ziwirizi mumazisiyanitsa bwanji muli patali? Pakadali pano taivundikira ndi ndowa, ana tawaletsa kupitako.