Pampu ya petulo yamagetsi ndiimange kutsogolo kapena kumbuyo?

Akuluakulu a pagulu pano, ndigawireni nzeru. Ndili ku Johannesburg ndipo ndikumanga galimoto m'galaja ya pakhomo, mtundu uja wotengera Lotus Seven umene amautcha Locost: mipando iwiri, zitseko palibe, ukakhalamo umatha kukhudza msewu ndi dzanja. Injini ndi Ford Kent 1600 yochokera mu Bantam yakale, makabyuleta ndi awiri a Weber DCOE 40. Pampu yoyendetsedwa ndi injini ndinaichotsa n'kutseka bowo lake, ndipo ndagula yamagetsi ya Facet, ija yaing'ono ya kabokosi.

Chandisowetsa tulo ndi malo. Thanki ili kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa ekiselo. Pakati pa thankiyo ndi difu (chibokosi cha magiya cha pakati pa ekiselo) pangotsala mpata woti chikhatho chilowe chopendekera, ndipo ekiselo ikamakwera pa mabampu mpatawo umachepanso. Kutsogolo kuli malo a mbee pakhoma lolekanitsa injini ndi mapazi a dalaivala, poti ndingafikepo ndi sipanala osagona pansi. Mtima wanga uli kumeneko. Koma pamenepo pampu ikhala pamwamba kuposa thanki, paipi itenga mamita oposa 2. Kodi idzakoka? Galimotoyi ndikufuna ndizikweramo ndi mwana wanga, ndiye za petulo sindikufuna kulota.

Makaniko wa ku Ndirande:
Achimwene, musayerekeze. Timapampu timeneti timakankha bwino, koma pokoka n'tofooka. Ikamayamwa petulo kuchokera kutali, mphamvu ya m'paipi imatsika, petulo wotentha amasanduka nthunzi, pampu n'kumangoti tiki-tiki-tiki osatulutsa kanthu. Galimoto idzakuzimirani pa maloboti dzuwa lili paliwombo. Komanso kumene muliko n'kokwera, mamita pafupifupi 1,750, petulo sachedwa kuwira. Imangeni kumbuyo, pansi pa thanki, petulo azigwera yekha m'pampu.

Bambo wina wachikulire:
Inu a ku Ndirande, musamuopseze mwanayu. Morris Minor ija tinkaiona m'misewu kale inali ndi pampu yamagetsi ya kampani ya SU kutsogolo, pafupi ndi injini, thanki ili kumbuyo. Inkayenda bwinobwino.

Makaniko wa ku Ndirande:
Zoona bambo, koma imeneyo anaipangira kukoka, n'chifukwa chake mphamvu yake yokankha inali yochepa, cha m'ma 1.5 psi (psi ndi muyeso wa mphamvu yokankhayo). A SU omwewo anali ndi mtundu wina wokankha umene pa galimoto ya MGB ankaumanga kumbuyo, pafupi ndi thanki. Ya mnzathuyu ndi ya gulu lachiwirili. Awerenge kapepala ka m'bokosi: a Facet amati isatalikire masentimita 30 kuchokera pansi pa thanki, ndipo aipendeketse madigiri 45, kotulukira petulo kuloze m'mwamba kuti mpweya usatsakamire m'kati.

Mlongo wokhala ku Birmingham:
Za malo ndili mbali ya a makaniko. Ine changa ndi moto. Pampu yakale ija injini ikazima nayo imaima, koma yamagetsi bola kiyi ali pa ON imangopopabe, ngakhale galimoto itagubuduzika paipi itang'ambika. Ikani inertia switch yodula magetsi galimoto ikagunda chinthu, idutse pa relay (switchi yoyendetsedwa ndi magetsi) ndi fyuzi yakeyake. Sefa ikhale pakati pa thanki ndi pampu, chifukwa thanki yowotcherera pakhomo siilephera kukhala ndi tizinyenyeswa. Ndipo ma Weber safuna mphamvu yopitirira 3 psi, apo ayi asefukira, choncho regulator yochepetsa mphamvuyo ikhale kutsogolo pafupi nawo.

Mapaipi a labala musatole aliwonse. Kuno petulo wa E10, wosakaniza ndi ethanol wofika 10 peresenti, atayamba mu 2021, eni magalimoto akale ambiri anasintha n'kuika a mtundu wa R9 amene ethanol sawadya. Ngati mudzapite nayo kumudzi, kumbukirani kuti petulo wa ku Malawi amasakaniza ndi ethanol kuyambira 1982, fakitale ya ku Dwangwa itatsegulidwa.

Mwini funso:
Zikomo nonse, kutsogolo ndakusiya. Ndalowa pansi ndi tepi, ndapeza malo pachitsulo cham'munsi cha chasisi kumanzere, kutali ndi ekizozi, pamene ekiselo siifikapo ngakhale nditaikweza ndi jeke mpaka kumapeto. Pampu ikhala m'munsi pang'ono mwa potulukira petulo. Koma pamenepo ndi pafupi ndi tayala, miyala ndi madzi zizimenya, komanso mpando wanga uli pomwepo. Ndikuganiza zoikhazika pa timalabala kuti phokoso lichepe, n'kuipatsa waya wake wa earth popeza siikhudzanso chitsulo. Nanga chotchingira, ndipinde aluminiyamu yotseka mbali zonse, kapena pansi ndisiye potseguka kuti petulo akadontha asadikhe? A ku Ndirande, inu mumachita bwanji?