Ng'ombe yatsala pang'ono kuswa, ndiichulukitsire masamba a lukina?

Mayi wa ku Mpingu:
Moni alimi anzanga. Ndili ndi ng'ombe yamkaka imodzi ya mtundu wa Friesian, bere lachitatu, iswa kumapeto kwa mwezi uno. Chaka chatha itangoswa, m'mawa mwake ndinaipeza ili gone m'khola, makutu ali zii, khosi litapindikira kunthiti. Inadzuka adokotala a ziweto atabwera kudzaibaya kashiamu. Mwana wanga akuti wawerenga pa intaneti kuti kunja amasakaniza tannin m'chakudya cha ng'ombe zoyembekezera, ndipo akuti tannin yemweyo ali m'masamba a lukina. Lukina ndili naye wambiri m'malire a munda. Nsenjere yatha, pano ndikungodalira mapesi ndi madeya. Ndiyambe kusadza wambiri kuti zachaka chatha zisabwerenso?

Wophunzira za ziweto ku Bunda:
Mayi, mwanayo sananame, koma pali zinthu ziwiri zosiyana apa. Tannin ndi chomwe chimakhakhalitsa m'kamwa mukaluma nthochi yosapsa. Ufa wa tannin umene amagulitsa kunja amautenga ku mtengo wa quebracho wa ku Argentina, ku chestnut, kapena ku makungwa a black wattle a ku South Africa. Ntchito yake ndi kugwira mapuloteni kuti tizilombo ta m'chifu chachikulu tisawaphwanye onse, akafike kutsogolo kumene thupi limayamwa. Akakhala wochepa amathandizanso kuti mimba isafufume, ndipo amafooketsa njoka za m'mimba. Akachuluka ng'ombe imachepetsa kudya, chakudyanso sichigayika bwino.

Koma chimene chinagwetsa ng'ombe yanu ndi kuchepa kwa kashiamu m'magazi. Mkaka woyamba wachikasu uja umakoka kashiamu wambiri nthawi imodzi, thupi lisanazolowere kumutapa m'mafupa. Tannin sachiza zimenezo. Ndipo taonani, masamba a lukina ali ndi kashiamu wambiri. Mukaichulukitsira isanaswe, thupi limakhala phee, likuona ngati palibe chosowa, tsiku loswa n'kudzidzimuka. Ng'ombe zomwe zaswapo kangapo ngati yanuyo ndi zimene zimagwa kawirikawiri. Choncho milungu itatu yomalizayi musathire laimu m'madeya popeza nayenso ndi kashiamu, lukinanso akhale wochepa. Ikangoswa ndiye onjezerani.

Gogo wa ku Nathenje:
Achimwene a ku Bunda alongosola bwino, koma asakuopsezeni mayi mpaka kusiya masamba. Mwezi wa Okutobala ng'ombe yodya mapesi okhaokha imaswa nthiti zili pamtunda, nsengwa n'kukanirira, mkaka n'kukhala wa tiyi basi. Ine ndimasadza lukina m'mawa, n'kumuyanika pamthunzi kuti afote, masana n'kuduladula ndi kusakaniza ndi mapesi komanso masamba a mtedza omwe ndinasunga pokolola. Sindiyeza ndi sikelo, ndimaona ndi maso: pa mitolo inayi ya chakudya, lukina mtolo umodzi. Ndinaonapo ya mnzathu wa ku gulu lathu losonkhanitsa mkaka itasosoka ubweya wa kumchira chifukwa choidyetsa lukina yekhayekha, malovu ali chuchuchu. Nyemba za msangu nazonso muzitola, ng'ombe zimazikonda, ana a masiku ano amangoziponda.

Chachikulu mayi, musasinthe chakudya mwadzidzidzi masiku ano. Ngati sinadyepo lukina, yambani ndi kamtolo kakang'ono. Madzulo muziima pakhola n'kuona ngati ikubzikula. Ng'ombe yoyembekezera ikasiya kubzikula, itanani adokotala usiku womwewo.

Wophunzira za ziweto ku Bunda:
Zaubweyazo agogo ndi mimosine, poizoni wa mu lukina, osati tannin. N'chifukwa chake amati lukina asapitirire magawo 30 pa 100 alionse a chakudya, ndipo muyezo wanu uli pansi pa pamenepo. Wa tannin wambiri ndi kaliyandra, mtengo wina wodyetsa ziweto. Alangizi amawerengera kuti makilogalamu 3 a masamba ake aawisi amalowa m'malo mwa kilogalamu imodzi ya dairy mash, chakudya chogula cha ng'ombe zamkaka, koma kaliyandrayo ndi bwino kudyetsa atangothyoledwa kumene. Mbewu za mitengoyi mungafunse kwa alangizi kapena ku Chitedze, si patali ndi kwanuko.

Mayi wa ku Mpingu:
Zikomo nonse. Ndiye laimu ndimuchotsa lero lomwe, ndinkathira tsiku lililonse poganiza kuti ndikuiteteza. Agogo, nanga nsengwa ikachedwa ndidikire mpaka liti? Amuna anga amakonda kumangirira mwala kuti itsike.

Gogo wa ku Nathenje:
Auzeni abambo asiye zamwalazo, ndiponso asakoke ndi manja, amang'amba chiberekero. Ikaswa ipatseni madzi ofunda ambiri, thole liyamwe msanga. Likadutsa tsiku lathunthu nsengwa isanagwe, kapena mukamva fungo, imbani foni kwa adokotala. Ndipo popeza ng'ombeyi inagwapo kale, auziretuni tsiku loswa kuti botolo la kashiamu likhale pafupi.