Kodi mapadi a magemu anawatukula ndani?

Wa ku Nchalo:
Ndili ndi kashopu ka magemu pafupi ndi msika, ndipo anyamata akaweruka ku minda ya nzimbe mkangano wake ndi womwewu. Ambiri akuti padi tikugwira leroyi, chija cha mabatani choseweretsera gemu, ndi nzeru za Sony. Ine ndikukana. Kamtanda kolozera mbali zinayi kaja Nintendo anakaika pa kagemu kawo ka m'manja ka Game & Watch mu 1982. Mabatani a L ndi R, a pamwamba pa padi aja, anabwera ndi makina awo a Super Famicom mu 1990, kenako Nintendo 64 mu 1996 inatchukitsa kandodo kokankha ndi chala chachikulu. Inu mukuti bwanji?

Wa ku Bangula:
Achimwene, zaka mwatchulazo sinditsutsa. Koma padi ya Nintendo 64 inali ndi zogwirira zitatu pamene manja tili nawo awiri. Mu 1997 Sony anatulutsa DualShock, tindodo tiwiri, kunjenjemera kuli mkati momwemo, pamene kwa Nintendo umachita kusomeka Rumble Pak, yonjenjemeretsa padi, yofunanso mabatire. Tayang'anani mapadi a mushopu mwanuwo, atengera kwa yani?

Wa ku Ngabu:
Sega musaitaye akuluakulu. Pa Dreamcast yawo ya 1998 ukafinya batani lakumbuyo kwa padi pang'ono galimoto imayenda pang'onopang'ono, ukafinyitsa imathamanga.

Mlongo wa ku Nsanje:
Ine mtima wanga uli pa Microsoft. Mlongo wanga wamng'ono dzanja lake lamanja siligwira bwino, anzake akamasewera mpira pa TV iye amangoonerera. Mu 2018 Microsoft anatulutsa padi ya Xbox Adaptive Controller, ili ndi mabatani awiri akuluakulu ndi mabowo 19 olumikizira mabatani ena, oti munthu nkumaponda ndi phazi. Ndikusunga ndalama kuti ndimugulire.