Zoti maselo amadzipha okha mwadala, zimatheka bwanji?

Wa_ku_Kapata:
Anzanga odziwa biology ndithandizeni. Ndikukonzekera mayeso a unesi ndipo ndafika pa apoptosis, ati selo limadzipha lokha olo munthu ali bwinobwino. Manje chandisokoneza ndi ichi, thupi livutike kupanga maselo kenaka liwaphenso, phindu lake n'chiyani? Nanga selolo limadziwa bwanji kuti nthawi yakwana? Manotsi athu angolemba mizere iwiri chabe.

Aphunzitsi_aku_Katete:
Achemwali yang'anani dzanja lanu. Muli m'mimba mwa amayi zala zanuzo zinali zolumikizana ndi kachikopa, maselo a pakati pa zala anafa pa nthawi yake ndiye zala zinapatukana. Mwa nkhuku zimachitikanso choncho, koma mwa bakha ambiri mwa maselo amenewo safa, n'chifukwa chake ali ndi mapazi osambirira aja. Mchira wa mbululu nawonso sugwa ayi, maselo ake amafa n'kudyedwa ndi thupi lomwelo mpaka chule atsale wopanda mchira.

Za phindu, ganizirani kuti maselo akugawikana tsiku lililonse osapuma, a mkati mwa matumbo amasinthidwa pa masiku 3 mpaka 5 okha, ndiye akanakhala kuti akale sachoka atsopanowo akanakhala pati? Mwa munthu wamkulu maselo pakati pa 50 ndi 70 biliyoni amafa mwa njira imeneyi tsiku limodzi, ndipo obadwa amalingana ndi akufa. Mu ubongo wa mwana amene akukula thupi limapanga maselo ochuluka kuposa ofunika, amene sanalumikizane bwino ndi anzawo amachotsedwa, monga timapatulira chimanga pa phando kuti chotsalacho chikule bwino.

Kafedwe kake ndiye kamandisangalatsa kwambiri. Selo lililonse limasunga mapuloteni otchedwa caspase amene amangokhala phee osagwira ntchito. DNA ikaonongeka kwambiri, mitochondria, mbali ya selo yopanga mphamvu, imatulutsa puloteni yotchedwa cytochrome c, iyoyo n'kudzutsa ma caspase, kapena uthenga umachokera kunja, selo la chitetezo likagwira pa khungu la selo lodwalalo. Ma caspase akadzuka amadula zonse za mkati, selo limafota, DNA imaduka tizidutswa, zonse zimamangidwa m'timatumba ndipo maselo a chitetezo otchedwa macrophage amabwera kudzameza. Palibe kutupa, palibe ululu. Pa mayeso musasokoneze ndi necrosis, ija ya munthu akapsa ndi moto, pomwe selo limaphulika, za mkati n'kutayikira pa anzake malo n'kutupa.

Dzina loti apoptosis anapereka ndi asayansi Kerr, Wyllie ndi Currie mu 1972. Kenaka asayansi ena anapeza kuti kanyongolotsi kotchedwa C. elegans kamapanga maselo 1090 ndipo 131 amafa, omwewo nthawi zonse, umboni woti zinalembedwa kale mu DNA yake. Brenner, Horvitz ndi Sulston analandira Nobel mu 2002 pa ntchito imeneyi.

Nesi_wa_ku_Petauke:
Aphunzitsi mwafotokoza bwino, ine ndiwonjezereko za ku wodi chifukwa mng'ono wangayu adzakumana nazo. Pali puloteni yotchedwa p53, ntchito yake ndi kuimitsa selo limene DNA yake yaonongeka, likakanika kukonzeka imalilamula life. Pafupifupi theka la makhansa a anthu p53 imakhala itaonongeka, ndiye selo loyenera kufa limapitiriza kugawikana, chotupa chimayamba choncho. Kachilombo ka HPV kamapanga puloteni yake, E6, yophwanya p53, ndipo ndi kamene kamayambitsa khansa ya khomo la chiberekero yomwe ikutha azimayi kuno ku Zambia kuposa khansa ina iliyonse. Zimandipweteka mtima kuona mayi akubwera mochedwa, wakhala akutaya magazi miyezi, mpaka tim'tumize ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, pomwe kupima ndi viniga ku kiliniki kukanaonetsa msanga. Atsikana a zaka 9 mpaka 14 alandire katemera wa HPV chonde, makolo musawabise.

Wa_ku_Kapata:
Zikomo kwambiri nonse, manje zalowa. Ndiye kuti maselo akamafa ambiri ndi bwino eti?

Nesi_wa_ku_Petauke:
Ayi mng'ono wanga, zikapyola muyeso ndi matendanso. Mwa munthu wa HIV amene sali pa ma ARV maselo a chitetezo a CD4 amafa ochuluka, ngakhale ena amene kachilombo sikanakhazikikemo, mpaka chitetezo chigwe. Mankhwala ambiri a khansa, a chemo aja, amagwira ntchito poononga DNA ya maselo ogawikana msanga kuti adziphe, koma amakhudzanso a tsitsi ndi a m'matumbo chifukwa nawo amagawikana msanga, ndiye wodwala akadzakufunsa chifukwa chake tsitsi likuthothoka kapena akutsegula m'mimba udzamuuze zimenezi, komanso kuti nthawi zambiri tsitsi limameranso akamaliza mankhwala.