Kodi mawu akuti "Subscribe" tiwamasulire motani pa fomu ya alimi?

Mlembi wa gulu la alimi, Kamwendo:
Ndikupereka moni kwa nonse. Gulu lathu la alimi a mtedza ndi soya kuno ku Mchinji lili ndi tsamba la pa intaneti pomwe munthu amalemba dzina ndi imelo yake kuti azilandira mitengo ya mbewu ndi masiku a misonkhano. Fomuyo inali m'Chingerezi, ndipo mwezi watha ndinaimasulira ndekha m'Chichewa. Pa batani la "Subscribe" ndinalembapo kuti "Lembetsani". Sabata isanathe, mayi wina wachikulire anafika ku ofesi atakulunga chiphaso chake cha unzika m'kajumbo, kudzafunsa tsiku lomwe feteleza wotsika mtengo afike, popeza mdzukulu wawo anali atawalembetsa pa foni. Zinandiwawa mumtima kuwauza mayiwo, amene anayenda ulendo wautali wapansi, kuti chomwe analembetsa ndi uthenga chabe. Ndithandizeni mawu oyenera, komanso mundiuze ngati ndinachita bwino kulemba "Dzina lomaliza" pomwe panali "Last name".

Mphunzitsi wopuma ntchito, Mkanda:
Bambo mlembi, mawu amene munasankha ndi Chichewa chabwino, koma kumudzi kuno kulembetsa kuli ndi tanthauzo lake lodziwika. Timalembetsa makuponi, timalembetsa chimanga cha thandizo nthawi ya njala, timalembetsa m'kaundula wa mavoti, ndipo nthawi zonse pamakhala chinthu chogwirika chimene munthu akuyembekezera. Mayiwo anamva Chichewa chanu molondola ndithu. Ine ndikadalemba pa batanipo kuti "Ndizilandira uthenga", ndipo pamwamba pa fomu ndikadaika chiganizo chimodzi chonena poyera kuti uthengawo ndi wa mitengo ndi misonkhano basi, ndi waulere, ndipo kulemba dzina pano sikupatsa munthu feteleza kapena ngongole.

Za "Dzina lomaliza" ndinene kuti ndi Chingerezi chovekedwa chitenje. Mukalemba "Dzina la bambo", mayi wapabanja sadziwa ngati mukufunsa za bambo omubereka kapena amuna ake, ndipo mukalemba "Mfunda" mudzalandira a Phiri ndi a Banda ochuluka osatha kuwasiyanitsa. Ikani malo amodzi olembapo "Dzina lanu lonse". Musaiwalenso ulemu: munthu amene simukumuona mumamuuza kuti "Lembani", osati "Lemba", ngakhale malo pa foni atachepa.

Wokonza makompyuta, Mchinji boma:
Aphunzitsi anena zoona, koma ndionjezere kuti fomu imene mukuiona ndi gawo limodzi chabe la ntchitoyi. Mapulogalamu otumizira uthenga wa imelo kwa anthu ambiri monga Mailchimp ali ndi mawu ena obisika amene amatuluka pambuyo pake: ochenjeza munthu akalakwitsa imelo, kalata yomupempha kutsimikiza kuti imeloyo ndi yakedi, tsamba lothokoza, ndiponso mawu a m'munsi mwa kalata iliyonse omulola kusiya kulandira. Kalata yotsimikizira ija ndiyo imataya anthu ambiri, chifukwa mlimi amene wadzaza fomu ya Chichewa akalandira kalata ya Chingerezi yomuuza kuti adine pena pake amaganiza kuti ndi akuba a pa foni aja, amaifufuta, ndipo dzina lake silifika konse kwa inu. Pa "Unsubscribe" lembani kuti "Dinani apa ngati simukufunanso kulandira uthengawu".

Onaninso kuti tsamba lanu likugwiritsa ntchito UTF-8, yomwe ndi njira yosungira zilembo pa kompyuta, apo ayi chilembo cha ŵ chidzaoneka ngati zizindikiro zosamveka, ndipo chizindikiro chouza kompyuta chiyankhulo cha tsambalo chikhale "ny", chomwe chimaimira Chichewa. Google Translate inayamba kumasulira Chichewa mu 2014, koma mawu amodziamodzi a pa batani musaipatse, pakuti siidziwa chimene batanilo likuchita. Mukamaliza, yesani fomuyo pa foni yaing'ono, chifukwa mawu athu ndi atali ndipo amaduka m'mphepete.

Mlangizi wa zaulimi, Kasungu:
Ine ndikufuna tiganizire za mdzukulu uja. Iye ndi amene ali ndi imelo, ndipo agogo ake sanaone fomuyo ndi maso awo. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la chaka cha 2024, ndipo ngakhale pakadapanda lamulo, chilolezo chimene munthu wapereka asakumvetsa sichikhala chilolezo chenicheni. Choncho chiganizo chopempha chilolezo chimasuliridwe mosamala kuposa mawu ena onse, chinene amene adzasunge dzinalo komanso kuti silidzaperekedwa kwa mavenda ogula mbewu. Kwa alimi ambiri nambala ya foni ndi yodalirika kuposa imelo, ndiye ikani malo ake.

Inu a ku Mchinji muli ndi mwayi woti alimi a kutsidya kwa Mwami mpaka ku Chipata adzawerenga fomu yanuyo popanda vuto, ngakhale iwo amachitcha Chinyanja. Ife kumpoto kwa Kasungu, cha ku Nkhamenya, timafunikanso ya Chitumbuka, ndipo dzina la chiyankhulo timalilemba m'chiyankhulo chomwecho kuti mwini wake alizindikire msanga.

Mlembi wa gulu la alimi, Kamwendo:
Zikomo kwambiri nonse. Kalata yotsimikizira ndaipezadi ili m'Chingerezi, ndipo ndikuimasulira usiku uno. Loweruka tili ndi msonkhano, ndiye ndidzawerengera alimi mawu atsopanowa mokweza, n'kuwafunsa chimene akuyembekezera akadina batanilo, ndisanawaike pa tsamba. Mayi aja ndawaitana kuti adzakhalepo.