Kodi ndalama ya siliva ya Mfumu Karl XIV Johan ya 1834 ndi yoyenera kugula?

Mayi wa ku Uppsala

Abale anga a m'gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru sabata ino isanathe. M'sitolo ina yogulitsa zinthu zakale kuno ku Uppsala, m'dziko la Sweden, ndapezamo ndalama ya siliva ya riksdaler specie imodzi ya chaka cha 1834, ya m'nthawi ya Mfumu Karl XIV Johan. Ndinaigwira m'manja Loweruka lapitali. Ndi yolemera, imadzaza pakati pa chikhatho, ndipo yachita kuda pang'ono m'mphepete mwa zilembo. Mbali imodzi kuli mutu wa mfumu wopanda chisoti, mbali inayo kuli zisoti zachifumu zitatu za Sweden ndi mawu akuti Folkets kärlek min belöning, kutanthauza kuti chikondi cha anthu ndicho mphoto yanga. Mwini sitolo akufuna mtengo woposa kangapo mtengo wa siliva amene ali m'ndalamayo, ndipo kwa ine ndi ndalama zimene ndikanatumiza kumudzi kwa miyezi iwiri. Mwana wanga wamkazi, amene anabadwira kuno, akumaliza sekondale mu Juni ndipo akufuna kukaphunzira mbiri yakale ku yunivesite. Ndikufuna kumupatsa chinthu cha dziko limene wakuliramo chimene angachisunge moyo wake wonse. Kodi ndigule, kapena ndikuwononga ndalama?

Bambo wa ku Göteborg

Achemwali, ndakhala ndikutolera ndalama zakale za kuno kwa zaka zambiri, choncho ndiyambe ndi zimene sikelo ingakuuzeni tisanafike pa nkhani ya mfumuyo. Kuyambira pa kusintha kwa malamulo a ndalama kwa m'chaka cha 1830, riksdaler specie inkasulidwa yolemera magalamu 34, ndipo mwa magawo anayi a chitsulo chake atatu ndi siliva, chotsalacho ndi mkuwa. Ndiye kuti muli siliva weniweni wokwana magalamu 25.5. Pitani ndi kasikelo kanu koyeza mpaka tizigawo ta galamu, ndipo mwini sitolo woona mtima sangakuletseni kuyeza. Ikaperewera pang'ono chifukwa cha kuperepeseka palibe chodandaulitsa, koma ikaperewera galamu yathunthu kapena kuposa pamenepo, ibwezeni. Tengani maginito, chifukwa siliva ndi mkuwa sizimamatira. Kenaka muitembenuze muwerenge m'mphepete mwake, momwe muyenera kupeza mawu akuti 75/100 delar finsilfver, ndipo kumbuyo kwake muyang'ane zilembo CB za mkulu wa nyumba yosulira ndalama wa nthawi imeneyo.

Kuda kumene mwakuonako musakuope, ndiko kumene otolera amakufuna. Ine ndinagulapo ndalama ya mtundu womwewu kwa munthu wina pa intaneti, yowala bwino pa chithunzi, koma itafika ndinapeza kuti anaikwecha ndi mankhwala otsukira ziwiya, ndipo tsitsi la mfumu linali lodzaza ndi timizere ting'onoting'ono. Pamene ndinkaigulitsa sindinapeze ngakhale theka la zimene ndinalipira. Chinthu china choyang'ana ndi chipsera cha kuwotcherera pamwamba pa mutu wa mfumu, popeza ndalama zambiri zotere anthu ankaziika kakolowa n'kumazivala pamkanda. Ngati zonsezi zili bwino, ine ndikuti gulani.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba

Mwanangu, ine ndinaphunzitsa mbiri ya ku Ulaya kwa nthawi yaitali, ndipo mtima wanga sukundilola kuvomereza msanga. Siliva sindikumukayikira, chimene chikundivuta ndi mawu olembedwa pa ndalamayo. Mfumuyi inabadwa ndi dzina loti Jean-Baptiste Bernadotte mu 1763 ku Pau, kum'mwera kwa France, ndipo inakwera kuchoka pa msilikali wamba mpaka kukhala mmodzi wa akazembe a nkhondo a Napoleon mu 1804. Nyumba ya malamulo ya Sweden inamusankha kukhala wodzalowa ufumu pa 21 Ogasiti 1810 ku Örebro, dziko lili pa chisokonezo chachikulu. Finland inali itatengedwa ndi Russia mu 1809, Mfumu Gustav IV Adolf inali itachotsedwa pampando, Karl XIII amene anaikidwa m'malo mwake anali wokalamba ndi wopanda mwana wolowa ufumu, ndipo kalonga wa ku Denmark amene anasankhidwa poyamba, Karl August, anagwa pa hatchi n'kumwalira mu Meyi 1810. Pa tsiku limene mtembo wake unkalowa mu Stockholm, pa 20 Juni, khamu la anthu linamenya ndi kupha Axel von Fersen pamsewu pomuganizira kuti anamudyetsa poizoni. Anthu a ku Sweden ankafuna msilikali woti akawabwezere Finland, koma iye anakakumana ndi Mfumu Alexander I ya Russia ku Åbo mu 1812 n'kuisiya nkhani ya Finland.

Atakhala mfumu mu 1818 sanaphunzire chilankhulo cha anthu ake mpaka imfa yake mu 1844, ndipo nkhani za boma ankazimva m'Chifalansa. Ankaopa nyuzipepala koposa. Lamulo la 1812 linapatsa boma mphamvu yotseka nyuzipepala popanda mlandu kukhoti, ndipo Lars Johan Hierta, amene anayambitsa nyuzipepala ya Aftonbladet mu 1830, boma linamutsekera nyuzipepalayo kambirimbiri, mwakuti ankangoitulutsanso ndi nambala yatsopano m'dzina lake mpaka nambalazo zinapitirira makumi awiri. Mu 1838 mlembi Magnus Jacob Crusenstolpe anaweruzidwa kukakhala zaka zitatu m'linga la Vaxholm chifukwa cha zolemba zake, ndipo m'misewu ya Stockholm munachitika zipolowe zimene zinakhetsa magazi. Ife amene tinaona masiku amene nyuzipepala inkalemba zokhazo zimene boma lalola, mawu onena za chikondi cha anthu pa ndalama ya wolamulira timawawerenga mosamala. Ndalama zimenezo mukanatengera mwanayo ku nyumba yachifumu ya Rosendal pa Djurgården ndi kumugulira mabuku abwino, akanaphunzira zambiri.

Mnyamata wophunzira za chuma ku Lilongwe

Aphunzitsi, ndikulemekeza zonse zimene mwanena, koma ndiloleni ndiike maso pa chaka chimene chalembedwa pa ndalamayo, chifukwa ndi chimene chandikopa ine. Kuchokera pa nkhondo ya Gustav III yolimbana ndi Russia, imene inachititsa kuti mu 1789 ayambe kusindikiza mapepala otchedwa riksdaler riksgälds, Sweden inali ndi ndalama zamitundu ingapo zoyendera limodzi. Nkhondo ya 1808 ndi 1809 itadya chuma cha boma, ngakhale mapepala a banki, otchedwa banco, sankasinthidwanso ndi siliva, ndipo mphamvu yake inagwa. Munthu wogula mbewu ya rayi kapena nsomba ya hering'i pamsika ankayenera kufunsa kuti mtengo watchulidwa m'ndalama ziti. Nyumba ya malamulo inagwirizana mu 1830 zobwezeretsa ndalama pa siliva, ndipo zimenezi zinayamba kugwira ntchito mu 1834: riksdaler specie imodzi inakhala yofanana ndi masikilingi (tindalama ting'onoting'ono) 128 a banco, kapena riksdaler riksgälds zinayi.

Choncho chimene Mayi agwira m'manja si chithunzi cha mfumu chabe. Ndi chitsulo chimene munthu ankalandira akapita ndi mapepala ake ku banki m'chaka chimene boma linayambanso kusunga lonjezo lake, ngakhale linalisunga pa mtengo wotsika kuposa wakale, ndipo amene anasunga mapepala kuyambira nkhondo isanayambe anataya gawo lalikulu. Bankiyo, imene inakhazikitsidwa mu 1668, inali pansi pa nyumba ya malamulo, osati pansi pa mfumu. Kwa wophunzira mbiri yakale, ndalama ya 1834 ili ndi nkhani yoposa ya 1833 kapena ya 1836, ngakhale zitakhala zofanana kulemera.

Mayi wa ku Manchester

Achemwali anga, ine ndilankhula monga mayi mnzanu amene amatumizanso ndalama kumudzi. Musagule poganiza kuti mukusunga chuma, chifukwa tsiku limene mudzafune kuigulitsa mwachangu, wogula adzakupatsani mtengo wotsika kuposa wa m'sitolo. Ngati mukugula, gulani monga mphatso, ndipo muyambe mwatsimikiza kuti kumudzi fetereza ndi fizi za ana sizisokonekera. Ndifunsenso ngati mwanayo munamumvapo akukamba za nthawi imeneyi, chifukwa mphatso yotere imakoma kwa amene akuidziwa nkhani yake.

Bambo wa ku Göteborg

Aphunzitsi, zimene mwanena za nyuzipepala ndi zoona ndipo sindikuzitsutsa, koma mlandu wa mfumuyi sungaweruzidwe ndi mbali imodzi. Nkhondo yaifupi ya ku Norway ya 1814, imene inatha ndi pangano la ku Moss mu Ogasiti chaka chomwecho, ndiyo nkhondo yomaliza imene Sweden inamenya ndi dziko lina. Msilikali amene anatsogolera gulu la nkhondo ku Leipzig mu 1813 ndiye anatseka khomo la nkhondo, ndipo kusiya Finland kumene anthu anakhumudwa nako ndiko kunathetsa kulimbana ndi Russia kwa mibadwomibadwo. Anavomerezanso kuti Norway isunge malamulo ake aakulu olembedwa ku Eidsvoll ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo popeza analinso mfumu ya Norway, dzina la Norway lili pa ndalama imene Mayi akufunayo.

Ine ndimakhala kumadzulo kwa dziko lino, ndipo ndayendapo m'mbali mwa ngalande ya Göta. Anaiyamba mu 1810 motsogozedwa ndi Baltzar von Platen, asilikali pafupifupi 58,000 anaikumba ndi mafosholo, ili ndi zipata zokwezera ndi kutsitsira ngalawa 58 pa mtunda wa makilomita 190, ndipo mfumu inaitsegula ku Mem mu Seputembala 1832, zaka ziwiri ndalamayi isanasulidwe. Pa Berg, malo ena a pa ngalandeyo, munthu amaima n'kumaona bwato likukwera phiri chipata ndi chipata, madzi akutuluka m'ming'alu ya zitseko zamatabwa. Lamulo lakuti parishi iliyonse ikhale ndi sukulu ya ana linasainidwa mu 1842, iye akadali pampando. Mwana amene wamaliza sukulu ya boma kuno ndi wolandira cholowa cha lamulo limenelo.

Aphunzitsi opuma a ku Zomba

Bambo, mwandikumbutsa bwino za mtendere, ndipo pamenepo ndagonja. Komabe sukulu za 1842 zinakankhidwa kwambiri ndi nyumba ya malamulo ya 1840 ndi 1841, imene inali yodzaza ndi otsutsa mfumu, choncho ulemuwo ugawidwe. Chinthu cha nthawi imeneyo chimene chinafika mpaka kwathu kuno si cha Bernadotte konse. Malamulo aakulu a pa 6 Juni 1809, olembedwa iye asanaponde m'dzikomo, ndiwo anakhazikitsa udindo wa ombudsman woyang'anira kuti akuluakulu a boma akutsata malamulo, ndipo woyamba, Lars August Mannerheim, anayamba ntchito mu 1810. Dzina lomwelo ndi limene lili pa ofesi imene Malamulo a dziko la Malawi a 1994 anakhazikitsa. Ndiwonjezenso chimene mwana wa makolo a ku Africa ayenera kudziwa: m'chaka chimene ndalamayi inkasulidwa, pa chilumba cha Saint-Barthélemy, chimene chinali m'manja mwa Sweden kuyambira 1784 mpaka 1878, panali anthu okhala mu ukapolo, ndipo anamasulidwa mu 1847, mfumuyi itamwalira kale.

Mnyamata wa ku Lilongwe wandisuntha pang'ono ndi nkhani ya chaka. Mwanangu, ngati mugula, musaipereke yokha. Lembani papepala za Hierta, za Crusenstolpe ndi za Saint-Barthélemy, muike m'kabokosi momwemo, kuti mawu a mfumu asakhale okhawo amene mwanayo adzawerenge.

Mayi wa ku Uppsala

Zikomo nonse, ndapita dzulo madzulo nditaweruka. Mwini sitolo anandilola kuyeza popanda vuto, ndipo sikelo inaonetsa magalamu 33.8. Maginito sanagwire, zilembo CB zilipo, ndipo mawu a m'mphepete akuwerengeka onse kupatula malo amodzi. Malo amenewo ali pamwamba penipeni pa mutu wa mfumu, pamene nditayang'ana ndi galasi lokulitsa ndinaona kachipsera kosalala ngati kambewu ka mapira, ndipo zilembo ziwiri zafufutika. Bambo a ku Göteborg, ndi zimene munanena zija: inavalidwapo pamkanda. Nditamuonetsa mwini sitolo, anavomera kuti sanachione, ndipo anatsitsa mtengo pafupifupi ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Achemwali a ku Manchester, ndinamufunsa mwanayo mozungulira pa chakudya chamadzulo, ndipo anandifotokozera kwa theka la ola za mmene Désirée, mkazi wa Karl Johan, anabwerera ku Paris mu 1811 n'kukhalako mpaka 1823, komanso kuti mfumu ya lero, Carl XVI Gustaf, ndi yachisanu ndi chiwiri ya banja la Bernadotte. Za kumudzi ndalankhula ndi achimwene anga, ndipo za fetereza tinatumiza kale mwezi watha.

Kachipserako kwa wotolera ndi chilema, koma ine sindikugula kuti ndidzagulitse, ndipo kandionetsa kuti munthu wina anaivala ndalamayi pachifuwa zaka zambiri zapitazo. Ndapereka theka kuti andisungire mpaka Lachisanu, ndipo ndapempha risiti yolembapo kulemera kwake, chaka ndi chipseracho. Aphunzitsi, pepala lija ndiyamba kulilemba usiku uno, m'Chichewa mbali imodzi ndi m'Chiswidishi mbali inayo, ndipo ndikamaliza ndidzaliika pano kuti mundikonzere zaka ndi mayina musanafike mwezi wa Juni.